Webusayiti ya loya woima payekha: ikhale yopepuka, makiyi akhale m'thumba mwanu

Munthu amene amafufuza loya pa foni sakhala pa mtendere. M'bale wake wagona m'chitokosi ku Kawale, kapena abwana amupatsa kalata yomuchotsa ntchito ku Kanengo, kapena achibale a malemu amuna ake ayamba kuwerenga mipando m'nyumba anthu asanamwazikane pamaliro. Ali m'minibasi, batire latsala pang'ono, bandulo ndi ija ya tsiku limodzi. Akatsegula tsamba lanu akufuna kudziwa zinthu zitatu basi: kodi ameneyu ndi loya weniweni kapena dobadoba, ofesi yake ili pati, nanga ndimupeza bwanji lero lomwe. Webusayiti imene yamuyankha zimenezi asanatope yagwira ntchito yake. Zithunzi zoyenda zokha, sikelo yagolide, azungu ovala masuti akugwirana chanza, zonsezo zimangodya bandulo ya munthu amene wavutika kale.

Ambiri amayamba ndi kusankha mtundu wa penti. Ine ndikuti yambani ndi makiyi.

Dzina la pa intaneti, limene amati domain, ndilo puloti imene nyumba yonse imakhalapo, ndipo monga zimakhalira ndi mapuloti a mu Lilongwe muno, nkhani yaikulu ndi dzina limene lalembedwa pa chikalata. Zimayenda chonchi: loya apereka ndalama kwa mnyamata wodziwa makompyuta, mnyamatayo n'kulembetsa domain m'dzina lake, ndi imelo yake, ndi khadi lake la kubanki. Chaka choyamba palibe vuto. Chaka chachiwiri mnyamata uja ali ku Joni kapena wasintha nambala, mauthenga okumbutsa kulipira akugwera mu imelo imene inu simuiona, ndiye m'mawa wina webusayiti yazima, imelo ya ofesi nayo zii, pamene dzina lomwelo linadindidwa kale pa makalata, pa makhadi ndi pa chikwangwani cha pakhomo.

Mankhwala ake ndi ola limodzi lokha. Khalani naye pansi wopanga webusayitiyo, koma akaunti ya kumene mukugula domain itsegulidwe ndi zala zanu. Pamalo olemba mwini wake palembedwe dzina lanu kapena la ofesi monga lilili pa satifiketi yolembetsera bizinesi. Imelo yolembetsera ikhale yanuyanu ya Gmail kapena ina yotero, osati imelo ya pa domain yomweyo, chifukwa domain ikafa imeloyo imafera limodzi ndipo simungalandirenso uthenga wokuthandizani kuidzutsa. Yatsani chitetezo cha magawo awiri, chija chimatumiza nambala pa foni musanalowe. Kenako mulembe mgwirizano wa tsamba limodzi, inu ndinu loya sindikuphunzitsani, wonena kuti mukamaliza kulipira, mawu, zithunzi ndi mafayilo onse ndi anu, ndipo mudzalandira makiyi asanu: a domain, a hosting (malo obwereka pa seva, kompyuta imene imasunga webusayiti), a woyang'anira webusayiti, a woyang'anira imelo, ndi a akaunti ya Google ya ofesi. Ndalama muzipereka pang'onopang'ono, gawo lomaliza lidikire mpaka mutalowa nokha mu akaunti iliyonse ndi kusintha pasiwedi.

Pa funso la .mw kapena .com, zonse zimagwira. Mayina a .mw, kuphatikizapo .co.mw ndi .com.mw, kaundula wake wakhala akuyendetsedwa ndi Malawi SDNP. Amaonetsa kuti ndinu a konkuno ndipo mungapeze ogulitsa amene amalandira makwacha, ngakhale nthawi zambiri amakhala odulirapo. Dzina la .com limayenda pakati pa madola 10 ndi 20 pa chaka, koma ndi madola, ndipo aliyense amene anayesapo kulipira kanthu kunja ndi khadi la banki ya kuno akudziwa kuti khadi limakana tsiku limene ukulifunitsitsa. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngongole zonse za m'madola zinalumpha usiku umodzi. Choncho khadi likadutsa, lipiriranitu zaka zitatu; .com imalola mpaka zaka 10. Musadalire zoti idzadzilipira yokha. Lembani tsiku lothera mu dayale yomwe ija mumalembamo masiku a kukhoti, ndi chikumbutso miyezi iwiri tsikulo lisanafike. Dzina la .com likatha pamakhala kanthawi kokudikirani, kenako masiku 30 oliwombola pa mtengo wokwera kwambiri, zikatero limagwera aliyense amene walifuna.

Dzina lenilenilo liyeseni pa foni. Imbirani munthu muli pamsewu, mumuuze kamodzi, alembe. Akafunsa kuti pali kamzere pakati kapena ayi, dzinalo lalephera mayeso.

Imelo ya ofesi

Pano ndichedwapo, chifukwa kwa loya imelo imagwira ntchito kuposa webusayiti imene. Kalata yopita kubanki kapena kwa loya wa mbali ina ikachokera ku adiresi yaulere yokhala ndi manambala kumapeto, wolandirayo amayamba wakayika. Domain yanu ikupatseni adiresi ya dzina lanu ndi ina ya ofesi. Mungagwiritse imelo imene imabwera ndi hosting, kapena kulipira Google Workspace, Microsoft 365 kapena Zoho Mail, amene amalipiritsa pa munthu aliyense. Ya pa hosting ndi yotchipa koma malo amadzaza msanga ndi ma PDF a milandu, ndipo bokosi likadzaza makalata amabwerera kwa eni ake inu osadziwa kanthu.

Kulikonse kumene mwasankha, mu DNS ya domain yanu, kaundula wolozera kumene webusayiti ndi imelo zanu zili, muyenera kukhala zinthu zinayi. MX imalozera kumene makalata anu azifikira. SPF imatchula maseva ololedwa kutumiza makalata m'dzina lanu. DKIM ndi chidindo chosaoneka chimene chimadindidwa pa kalata iliyonse. DMARC imauza olandira chochita ndi kalata imene yalephera mayeso awiri enawo. Kuyambira Febuluwale 2024 Gmail inakhwimitsa zinthu, moti kalata imene ilibe SPF komanso ilibe DKIM imakanidwa kapena kutayidwa kudzala la spam. Cholakwika chimene chimabwerabwera ndi kukhala ndi mizere iwiri ya SPF, wina woikidwa ndi a hosting, wina woikidwa pambuyo pake ndi amene anakulumikizirani Google. Pamayenera kukhala umodzi wokha. Ikakhala iwiri yonse imaonongeka. Kuyesa kwake n'kosavuta: dzitumizireni kalata ku Gmail, tsegulani pa kompyuta, dinani timadontho titatu, sankhani Show original. Pafunika mawu oti PASS aoneke pa SPF, pa DKIM ndi pa DMARC. Limodzi likasowa, ntchito sinathe, ndipo gawo lomaliza la ndalama lija likhalebe m'thumba.

Izi si zokometsera. Wakuba akatha kutumiza kalata yooneka ngati yachokera kwa inu, amadikira nthawi yogula nyumba kapena yolipira chipukuta misozi, n'kulembera kasitomala kuti akaunti yasintha.

Za hosting sindichulukitsa. Masamba asanu sadya ngakhale 1 GB, ndiye phukusi laling'ono kwambiri likukwanirani. Seva ya ku Johannesburg imayankha msanga kuposa ya ku America chifukwa mtunda ndi waufupi. Musalole aliyense kukuikirani webusayiti pa kompyuta ya mu ofesi. Magetsi akathima ndiye kuti ofesi yanu yatsekedwa pa dziko lonse. Loko wa HTTPS, amene amabisa zoyenda pakati pa foni ya munthu ndi webusayiti yanu, ndi waulere kudzera ku Let's Encrypt, satifiketi yake imakhala masiku 90 ndipo imayenera kudzikonzanso yokha. Ikapanda kutero, Chrome imaimika munthu ndi chenjezo loopsa asanaone n'komwe dzina lanu.

Nanga imangidwe ndi chiyani? Dzifunseni moona mtima ngati muzilembadi nkhani mwezi ndi mwezi. Ngati inde, WordPress, pulogalamu yomangira mawebusayiti, ndi yabwino, chifukwa mungasinthe mawu nokha. Ngati mukudziwa kuti mukachoka kukhoti mumakhala mutatheratu, masamba wamba a HTML oikidwa pa Cloudflare Pages kapena GitHub Pages ndi aulere, ndi othamanga, ndipo mulibe khomo lakuseri loti akuba athyole. Wix ndi Squarespace, kumene umamanga webusayiti pa makina awo, n'zokongola koma zimafuna madola osalekeza, ndipo kusamuka kumeneko n'kumanganso nyumba. Mukasankha WordPress, ma plugin, omwe ndi mapulogalamu owonjezera, asapitirire asanu kapena asanu ndi limodzi, dzina lolowera lisakhale admin, ndipo mufunse poyera ngati theme, yomwe ndi maonekedwe okonzeratu a webusayiti, inagulidwa. Ma theme akuba amene amatsitsidwa ulere nthawi zambiri amabwera ndi kachilombo m'mimba. Pakapita miyezi tsamba la loya limayamba kutsatsa juga kapena mankhwala, Google n'kuliika chizindikiro choti ndi loopsa. Pakhalenso kope losungidwa kunja kwa seva, monga pa Google Drive, kamodzi pa sabata, ndipo tsiku limodzi muyese kubwezeretsa webusayiti kuchokera ku kopelo, kuti mudziwe ngati lilidi ndi kanthu.

Kulemera kwa tsamba

Chithunzi chojambulidwa ndi foni ya masiku ano chimalemera 3 MB mpaka 5 MB. Ikani zitatu pa tsamba loyamba, onjezani mapu a Google olowetsedwa m'katimo ndi kanema woyamba yekha, mwafika 15 MB. Kwa munthu amene wagula bandulo ya 50 MB, mwamudyera pafupifupi gawo limodzi la magawo atatu asanawerenge liwu, ndipo pa netiweki yofooka sadikira n'komwe. Cholinga chikhale choti tsamba loyamba lonse lisapitirire 500 KB. Zimatheka: chithunzi chichepetsedwe kufika mapikiselo 1200 m'lifupi, chisungidwe ngati WebP (mtundu wa fayilo ya chithunzi yopepuka), chisapitirire 120 KB. Mapu akhale batani lotsegula Google Maps, osati mapu enieniwo. Mtundu wa zilembo ukhale umodzi, kukula kwake kusachepere mapikiselo 16, zakuda pa choyera, chifukwa ambiri aziwerenga padzuwa pa galasi losweka.

PageSpeed Insights ya Google imakupatsani mayeso aulere. Yang'anani mbali ya foni, pamene chinthu chachikulu pa tsamba chiyenera kuoneka pasanathe masekondi 2.5. Koma mayeso enieni ndi awa: bwerekani itel kapena Tecno yotchipa, zimitsani Wi-Fi, tsegulani tsambalo pa TNM, kenako pa Airtel, muli ku Area 25 kapena ku Chinsapo madzulo anthu ataweruka. Wopanga webusayiti amakuonetsani pa laputopu yake, pa intaneti yamphamvu, zithunzi zonse zitasungika kale m'makina mwake. Pamenepo chilichonse chimathamanga.

Zolembamo

Chimene chimachedwetsa ntchito si makina, ndi mawu. Lembani mawu onse musanaitane munthu, apo ayi mudzapeza tsamba lanu lili moyo ndi mawu achilatini odzazira malo kapena ndime zokopedwa ku ofesi ya maloya ya ku Texas, zokamba za malamulo amene kuno kulibe. Masamba asanu akukwana: loyamba, la mbiri yanu, la milandu imene mumagwira, la mafunso amene anthu amafunsafunsa, ndi la mmene angakupezereni.

Pamwamba penipeni pa tsamba loyamba, munthu asanatsitse chala, pakhale dzina, chiganizo chimodzi chonena zimene mumachita ndi kumene muli, ndi mabatani awiri: loimbira ndi la WhatsApp. Batani loimbira lilembedwe ndi tel: kutsogolo, kenako +265 ndi nambala yopanda ziro woyamba. La WhatsApp ndi wa.me/265 kutsatana ndi nambala, popanda ziro, popanda chizindikiro cha +, popanda mipata. Ziro ameneyu wapha mabatani ambiri: amaoneka bwino, koma ukadina WhatsApp imati nambalayo kulibe. Nambala isajambulidwe m'chithunzi, chifukwa yotero munthu sangaidine kapena kuikopa.

Tsamba la mbiri ndilo loyankha funso la dobadoba lija. Lembani dzina lonse monga lilili m'kaundula wa maloya, chaka chimene munavomerezedwa kuimira anthu pa milandu, kumene munaphunzira, ndi kuti muli ndi laisensi ya chaka chino pansi pa Legal Education and Legal Practitioners Act. Malawi Law Society imatulutsa mndandanda wa maloya amene ali ndi malaisensi, ndiye muuzeni wowerenga kuti angatsimikize kumeneko. Udindo wa Notary Public uli ndi chiphaso chakechake. Ngati mulibe, musaulembe chifukwa choti unali kale pa theme. Chithunzi chikhale chanu chenicheni, chojambulidwa pafupi ndi windo masana, ndipo pa desiki pasaoneke fayilo ya munthu. Anthu amakulitsa zithunzi.

Pansi pa tsamba lililonse pakhale dzina la ofesi, kumene ili, keyala, foni, imelo ndi nambala yolembetsera bizinesi. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imafuna kuti wofalitsa zinthu pa intaneti aonetse poyera kuti ndi ndani ndipo akupezeka kuti, ndiye werengani gawo limenelo nokha ndi kuona ngati palibe chasowa.

Tsopano njira. P.O. Box yakuti, Lilongwe 3, sinafikitsepo munthu pakhomo, ndipo nambala ya puloti amaidziwa ndi a khonsolo okha. Lembani ngati mukulondolera azakhali ochokera ku Mitundu amene sanabwerepo. Mwachitsanzo, ofesi itakhala ku Old Town: mukatsika kudepoti, wolokani mlatho wa Lilongwe, tsatani Kamuzu Procession Road mpaka pa filling station yakuti, khoterani kumanzere, nyumba yachitatu ya penti yachikasu, masitepe ali kumbuyo, chipinda chachiwiri kumanja mukakwera. Onjezani mawu amene munthu angauze wakabaza, ndi chithunzi chimodzi cha nyumbayo monga imaonekera uli pamsewu. Nenani ngati pali masitepe, kuti wa njinga ya olumala kapena agogo adziwiretu, ndiponso ngati pali poimika galimoto. Maola akhale oona. Loya woima yekha m'mawa wambiri amakhala kukhoti, ndiye kulemba kuti ofesi imatsegula 8 koloko mpaka 5 koloko pamene pakhomo pali loko ndi kunamiza munthu amene wawononga ndalama ya minibasi ziwiri. Lembani kuti ayambe waimba.

Pa milandu imene mumagwira, gwiritsani mawu amene mwini vuto amalankhula. Mayi wamasiye safufuza dzina la lamulo. Amalemba za chuma cha masiye, za kulandidwa katundu, za wilo. Mutu ukhale umenewo, kenako m'ndimemo mutchule Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act ya 2011. Chimodzimodzi kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo, kumene mungatchule Employment Act ndi Industrial Relations Court. Kutha kwa banja ndi chisamaliro cha ana, pansi pa Marriage, Divorce and Family Relations Act ya 2015. Belo, ndi ufulu wa m'gawo 42 la malamulo aakulu a dziko woti womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Ndime iliyonse ithe ndi zimene munthu abweretse tsiku loyamba: chiphaso cha unzika, kalata yolembedwera ntchito ndi yochotsedwera, mapepala a malipiro, satifiketi ya imfa, mapepala a malo. Kamndandanda kameneka kamapulumutsa ulendo wachiwiri. Nkhani iliyonse ikhale ndi tsiku limene inalembedwa, chifukwa malamulo amasuntha. A za malo a 2016 anasinthidwanso mu 2022, ndipo nkhani yakale yopanda tsiku imasocheretsa. Pofuna kuloza lamulo kapena chigamulo, lozani ku MalawiLII, kumene aliyense amawerenga ulere.

Nenaninso zimene simugwira, ndipo amene sangathe kulipira loya muwalozere ku Legal Aid Bureau. Ngati kukumana koyamba kuli ndi mtengo, nenani kuti ulipo. Ambiri amaopa kuimba poganiza kuti moni yekha amalipiritsa.

Apa mpamene inu ndi wopanga webusayiti mudzakokanakokana. Iye anazolowera kutsatsa malonda, ndipo adzafuna kulemba kuti ndinu loya nambala wani mu Lilongwe, kuti simuluza mlandu, ndi kuika maumboni a makasitomala okondwa. Uloya si malonda a pa Malangalanga. Kukopa anthu mwa njira yotero, kulonjeza kupambana ndi kudzikweza ponyoza anzanu ndi zimene zimafikitsa loya ku komiti yosungitsa mwambo, ndipo woyankha kumeneko ndi inu, osati mnyamata wa makompyuta. Musanatulutse tsamba, ikani mawu onse pambali pa malamulo a khalidwe a Malawi Law Society, ndipo pamene mwakayika funsani ku ofesi yawo. Nkhani za makasitomala zisalowemo ngakhale mutabisa mayina. Lilongwe ndi mudzi: mukangoti mayi wina wa ku Area 47 amene amuna ake anali ndi malole, theka la mpingo wake lamudziwa kale. Chiganizo chimodzi chinenenso kuti zolembedwa pa tsambali ndi zongodziwitsa, ndipo munthu sakhala kasitomala wanu mpaka mutagwirizana polemba.

Chingerezi chokha chimatsekera kunja ambiri a anthu amene mukuwafuna. Chichewa chokha chimakutayitsani makampani ndi mabungwe. Lembani zonse ziwiri, koma Chichewacho mulembe nokha monga mumalankhulira ndi kasitomala, osati chotembenuzidwa ndi makina. Pa WordPress, plugin ya Polylang imagawa masamba a zilankhulo ziwiri bwinobwino, ndipo chizindikiro cha Chichewa ndi ny. Kanthu kena kakang'ono: ngati mumalemba Malaŵi ndi kadenga pa w, onetsetsani kuti mtundu wa zilembo umene mwasankha uli ndi ŵ, imene imapezeka m'gulu la Latin Extended. Ikasowa, pakati pa dzina la dziko pamatuluka kabokosi kapena chilembo chosiyana ndi zinzake.

Fomu yolemberana, ndi zinsinsi za anthu

Pafupifupi theme iliyonse imabwera ndi fomu yokhala ndi bokosi lalikulu loti munthu afotokoze vuto lake. Lichotseni. Munthu wopsinjika amakhuthula zonse, mayina, matenda, zimene anachita usiku uja, ndipo mwina mbali inayo ndi kasitomala wanu kale. Mwalandira chinsinsi chimene simunayenere kumva. Kuwonjezera apo, ma plugin ambiri amasunga uthenga uliwonse m'nkhokwe ya webusayiti, kumene wopanga webusayiti ndi a hosting angawerenge. Fomu ya loya ifunse zisanu zokha: dzina, nambala ya foni, mtundu wa nkhani wosankha pa mndandanda, dzina la mbali inayo kuti muone ngati simukuiimira kale, ndi nthawi yabwino yoimbira. Pasakhale potumizira mafayilo.

Onjezani funso limodzi limene ma theme akunja saliganizira: kodi tingatumize uthenga pa nambala imeneyi, kapena tingoimba? M'mabanja ambiri foni ndi imodzi, kapena bambo amaigwira madzulo alionse. Uthenga wa ofesi ya loya wonena za chisudzulo ukaonekera pa galasi nthawi ya nsima, mwamuika mayi uja pamoto.

Data Protection Act ya 2024, imene woiyang'anira ndi MACRA, ikukukhudzani kuyambira tsiku limene fomu yalandira dzina loyamba. Pakhale tsamba lalifupi lonena zimene mumatolera, chifukwa chake, amene amaziona, nthawi imene mumazisunga, ndi mmene munthu angapemphere kuti zifufutidwe. Mukatolera zochepa, tsambalo limalembeka mosavuta. Pa chifukwa chomwecho, kanani kuikidwa kwa Meta Pixel ndi zina zotsata alendo pofuna kuwatsatsa malonda. Palibe chifukwa choti Facebook idziwe amene wawerenga tsamba lanu la belo.

Mafomu amafa mwakachetechete. Munthu adina, tsamba limuuza kuti uthenga wapita, koma sunafike kulikonse, chifukwa WordPress ikatumiza kalata payokha popanda chidindo chija, olandira amaitaya. Ilumikizidwe ku bokosi lenileni la imelo kudzera pa SMTP, njira imene maimelo amatumizidwira, ndipo Lolemba loyamba la mwezi uliwonse muzidzitumizira uthenga nokha.

WhatsApp ikhale ya Business, pa nambala ya ofesi yosiyana ndi yanu, yokhala ndi PIN ya magawo awiri, ndi moni wodziyankha yekha wonena maola ndi kupempha munthu kuti asatumize zikalata musanalankhulane. Manambala a akaunti ya kubanki, a Mpamba kapena a Airtel Money asaikidwe pa webusayiti. Ndalama za kasitomala zili ndi akaunti yakeyake imene malamulo a ntchito yanu amafuna, ndipo Financial Crimes Act ya 2017 imayembekezera kuti pa ntchito monga kugulitsa malo mumudziwe munthuyo ndalama zisanayambe kuyenda. Chimene chingalembedwe poyera ndi chenjezo lakuti ofesi sisintha akaunti kudzera pa imelo kapena pa WhatsApp, ndipo wolandira uthenga wotero aimbe kaye.

Kuti Google ikupezeni, chida chachikulu ndi Google Business Profile, yaulere, imene imakuikani pa mapu munthu akafufuza loya pafupi. Itsegulidwe ndi akaunti ya Google ya ofesi. Kokerani chizindikiro pa denga lenileni la nyumba yanu, chifukwa Google ikalephera kumva keyala ya ku Lilongwe imakuponyani pakati pa mzinda. Kutsimikiza nthawi zambiri kumakhala kwa kanema woonetsa msewu, chikwangwani ndi inu mukutsegula chitseko, ndiye chikwangwani chikhomedwe kaye. Dzina, malo ndi nambala zilembedwe mofanana ndendende pa mapu, pa webusayiti ndi pa tsamba la Facebook. Lembetsani webusayiti ku Google Search Console ndi kupereka sitemap, mndandanda wa masamba anu onse. Pa WordPress tsegulani Settings, kenako Reading, muone kabokosi kouza Google kuti isalowe; opanga amakachonga pomanga n'kuiwala kukachotsa, ndipo webusayiti imatha miyezi osaoneka. Wina akakulonjezani malo oyamba pa Google pa mtengo wa mwezi ndi mwezi, mupatseni moni apitirire.

Chotsala n'chimene maloya oima okha amachizengereza, ngakhale amalembera anzawo mawilo tsiku ndi tsiku. Mu ofesi ya munthu mmodzi, makiyi onse asanu aja ali m'mutu umodzi. Alembeni papepala pamodzi ndi manambala opulumutsira amene Google ndi ogulitsa domain amapereka mukayatsa chitetezo cha magawo awiri, muike mu envelopu yomata, isungidwe mu sefa, ndipo loya mnzanu mmodzi wodalirika adziwe kuti ilipo ndi nthawi yoyenera kuitsegula. Muziikonzanso nthawi yomwe mukukonzanso laisensi, tsiku lomwelo n'kusintha chaka pa tsamba la mbiri. SIM imene imalandira manambala olowera ikhale yolembetsedwa pa chiphaso chanu, osati cha sekilitale kapena cha mphwanu, ndipo muziithira mayunitsi ndi kuimbirako mwezi uliwonse, chifukwa nambala ikagona nthawi yaitali kampani imaitseka n'kuigulitsa kwa wina.